Mapepala ndiwo aziyenda, osati nkhalamba

Lero ndapsa mtima. Malume anga, munthu woti mapapo anathera mu mgodi wa golide ku Joni, awabwezanso pa ofesi ina komwe amakafunsa ndalama zawo za ku mgodi. Akuti dzina la pa chiphaso cha unzika likusiyana chilembo chimodzi ndi la m'mabuku a ku mgodi, ndiye akabweretse kalata ya ntchito ya m'ma 1980. Kalata yoti chiswe chinadya kalekale! Anangovula chipewa n'kunena kuti "zikomo bwana", uku akupuma mwabefu.

Ndifunse: mabuku amenewa akusunga ndani? Si maofesi omwewa? Popita ku migodi kudzera ku Wenela ndi ku TEBA, mabungwe olemba anthu ntchito, abale athuwa ankalembedwa, ankadinda zala, aliyense anali ndi nambala yake. Gawo la malipiro awo linkatumizidwa kuno kwathu, ndipo nthawi imeneyo mayina ankadutsa malire popanda vuto. Lero pamene ndalama ikuyenera kulowa m'thumba la mwiniwake, mwadzidzidzi kaundula wasowa miyendo. Ofesi ya ku Lilongwe ilephere kufunsa ofesi ya ku Johannesburg, m'chaka chino cha intaneti? Mudzanena kuti mabuku ndi akale, ena sanalowe mu kompyuta. Alowetseni, ndiyo ntchito yanu.

Ndalama zilipo. Khoti la ku Johannesburg linavomereza mu 2019 kuti makampani 6 a migodi ya golide apereke 5 biliyoni ya marandi kwa odwala chifuwa chachikulu ndi matenda a fumbi la mu mgodi, ndiye kunabadwa Tshiamiso Trust, bungwe logawa ndalamazi. Palinso ndalama za penshoni zimene eni ake sanakatenge. Mu 2020 nduna za SADC zinagwirizana mfundo zoti munthu azitha kulandira za penshoni yake ngakhale atabwerera kwawo. Koma mfundo zidzathandiza chiyani ngati umboni wonse akuusenzetsa munthu wodwala? Ofesi itumizire ofesi inzake. Kalaliki alembere kalaliki mnzake. Nkhalamba ikhale pakhonde, ingoitanidwa kudzadinda chala. Basi.

Anthu akwathu kuno anasiya kutengedwa kupita ku migodi ya ku Joni mu 1988. Werengani nokha kuti wamng'ono mwa iwo ali ndi zaka zingati lero. Ambiri tinaika kale m'manda, ndipo amayi amasiye ndiwo akuvutika koposa, chifukwa nambala ya ku mgodi mwamuna anapita nayo. Inu okhala kuseri kwa desiki, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndiye pali akamberembere amene akuyenda m'midzi ndi mafomu, kumatolera ndalama kwa agogo ati "tikufulumizitsireni za ku Joni". Munthu wagulitsa mbuzi kuti alipire fomu yoti ndi yaulere! Mafumu mukuwaona anthu amenewa, mwina mukuwapatsanso mpando. Mukudikira chiyani kuwatengera ku polisi?