Afunseni kaye eni chipinda

Ndakwiya ndipo sindibisa. Dzulo achimwene aponya kavidiyo pagulu lathu la banja pa WhatsApp: amayi akudzuka usiku atavala zogonera, akupapasa khoma kufuna poyatsira getsi. Pansi pake alemba kuti kamera imene anaika kuchipinda kwa amayi ikugwira bwino ntchito. Gulu lonse laona, ndi apongozi omwe. Nditawaimbira amayi ndapeza kuti sakudziwa n'komwe kuti kanthu kali pamwamba pa chitseko kaja kali ndi maso. Anauzidwa kuti ndi alamu.

Amayi ali ndi zaka 78 ndipo mutu wawo ukuyenda bwinobwino. Anagwapo kubafa, inde, ndipo tonse tili ndi mantha. Koma kugwa kamodzi sikumulanda munthu chipinda chake. Munthu wamkulu amafunsidwa. Amauzidwa kuti chinthuchi chimajambula, chimamva mawu, ndipo zimene chajambula zimapita pa intaneti kukasungidwa pa makompyuta a kampani. Akakana, wakana basi. Kuwanamiza kuti ndi alamu n'kuwayesa khanda.

Inunso opanga zipangizozi muli ndi mlandu. Mumapangira mwana wolipira ndalama, osati gogo amene azijambulidwa akuvula. Batani lovomereza limadinidwa pafoni ya mwana, kutali, mwini thupi osadziwa. Ndiye wavomereza ndani pamenepa? Ndipo amaonera ndani? Mu 2023 bungwe la boma loteteza ogula la FTC ku America linaimba mlandu kampani ya makamera ya Ring kuti wantchito wake wina ankaonera mavidiyo a azimayi ali kuchipinda ndi kubafa, ndipo kampaniyo inavomera kulipira madola 5.8 miliyoni. Si nthano ayi.

Chonsecho njira zina zilipo. Pali mawotchi ozindikira kuti munthu wagwa, Apple Watch inayamba zimenezi mu 2018. Pali timakina ta radar tozindikira kuyenda kwa munthu popanda kujambula chithunzi. Ngakhale zimenezo, afunseni kaye! Kudziwa kuti munthu wapita kuchimbudzi kangati usiku ndi chinsinsi chakenso.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Achimwene, tsiku lina ana anu adzakupachikirani kamera pamwamba pa bedi, tidzamve ngati mudzati ndi chikondi.

Chinanso chondiwawa: chiikireni kamera ija, achimwene sanapondeko kwa amayi. Akuti amawaona tsiku lililonse pafoni. Amayi ndiye akuona ndani?