Guarana wa alamu anga ndi tsache la 2 koloko usiku

Cha m'ma 2 koloko usiku ndinamva tsache likulira pakhonde. Ndinadzidzimuka poganiza kuti kwabwera akuba, ngakhale wakuba wosesa pakhomo sindinamumvepo chibadwire. Kusuzumira pawindo, ndi alamu anga, chitenje chili m'chiuno, tochi ya foni ili m'manja. Mbale anali atatsuka kale, zakuda ndi zoyera zomwe.

"Alamu, kwagwanji usiku uno?"

"Tulo tandithawa, alamu. Mtimawu ukungogunda ngati ndathamangitsidwa ndi galu."

Kutacha anatulutsa kabotolo ka makapisozi komwe anagula kwa mayi wina wotsatsa malonda pa WhatsApp. Akuti n'zophwetsa mimba, zopatsa mphamvu, zotsegula mutu. Pabotolo panalembedwa m'Chingerezi kuti ndi zachilengedwe zokhazokha, ndipo pamndandanda wa zosakaniza dzina loyamba linali guarana, chomera cha ku Brazil. Awiri m'mawa, awiri madzulo. Alamuwa ndi munthu wa tiyi wa ku Thyolo makapu atatu patsiku, komanso amamwa mankhwala a BP. Wogulitsayo zonsezi sanafunse, anangofunsa ngati ndalama atumiza pafoni kapena apereka pamanja.

Ine guarana sindidana naye. Chomwe chimandipsetsa mtima n'chakuti amagulitsidwa ngati chinthu chachilendo chosiyana ndi khofi, pomwe chogwira ntchito m'kati mwake ndi kafeini yemweyo wa m'khofi ndi m'tiyi. Pamabotolo ena amalemba guaranine kuti limveke ngati dzina la mankhwala ena, koma ndi kafeini basi, wavala suti. Ndipo ndi wochuluka: pa magalamu 100 a njere za guarana, kafeini amakhala pakati pa magalamu 2 ndi 8, pomwe njere za khofi zimakhala ndi 1 mpaka 3.

Kwawo kwa chomerachi ndi ku nkhalango ya Amazon, m'dziko la Brazil. N'choyanga, dzina lake la sayansi ndi Paullinia cupana. Chipatso chake chofiira chikapsa chimang'ambika n'kuonetsa njere yakuda itakhala pa mnofu woyera, ndiye phava lonse limaoneka ngati maso akukuyang'ana. Anthu a mtundu wa Sateré-Mawé, omwe anayamba kulima chomerachi, ali ndi nthano yoti chinamera pa diso la mwana yemwe anaphedwa. Mpaka lero tawuni ya Maués imachita chikondwerero cha guarana chaka ndi chaka, ngakhale kuti wambiri tsopano amalimidwa ku Bahia, dera lina la m'dzikolo.

Taonani mmene eni ake amamwera. Njere amazikazinga, kuzisinja mumtondo, kuthira timadzi n'kuumba timitanda tolimba tooneka ngati chinangwa, kenako kutiwamba pautsi kwa nthawi yaitali. Pofuna kumwa amapera kamtandako pang'ono pamwala, m'madzi a m'chikho, chikhocho n'kumazungulira pagulu. Ndi chakumwa chosungunula, chomwera pamodzi, munthu akuona ndi maso kuchuluka kwa zomwe wapera. Wansembe wina wa Chijezwiti, João Felipe Bettendorff, analemba m'zaka za m'ma 1600 kuti anthu a kumeneko ankamuona guarana kukhala wamtengo wapatali ngati mmene azungu ankaonera golide, ndipo kuti alenje akamwa ankatha kuchoka lero mpaka mawa osamva njala. Mlenje woyenda m'nkhalango tsiku lathunthu ndi alamu anga okhala pa mashini osokera si anthu amodzi ayi. Komanso mlenjeyo akabwerera kumudzi ankadya.

Za mphamvuzi, tiuzane zoona. Guarana sakupatsa mphamvu ngati mmene imaperekera nsima. Munthu ukakhala maso, mu ubongo mumachulukana mankhwala ena achibadwa otchedwa adenosine, ndipo ndi omwe amakuuza kuti watopa, kagone. Kafeini amathamangira kukakhala pampando wa adenosine, ngati munthu wolanda malo m'minibasi. Mwini mpando sapita kulikonse, amangoima pakhomo n'kumachulukana ndi anzake. Kafeini akatsika, onse amalowa nthawi imodzi, ndiye kufooka kumene umamva masana kuja. Ndipo satsika msanga: pakatha maola pafupifupi 5, theka lake limakhala likadali m'magazi. Makapisozi a alamu a 6 koloko madzulo aja, pofika pakati pausiku anali akadali pantchito.

Pa nkhani yotsegula mutu ndivomereza, chilipo. Ofufuza a pa yunivesite ya Northumbria ku England anapeza kuti guarana amathandizako pa tcheru ndi kukumbukira kwa kanthawi. Chosangalatsa n'chakuti milingo yaing'ono ndi yomwe inachita bwino kuposa yaikulu. Wophunzira amene akugugudiza zitini zitatu za zakumwa zopatsa mphamvu usiku wa mayeso adziwe zimenezo. Maso akhala tong'oo, inde, koma zomwe wawerenga zimakhazikika m'mutu pogona.

Kuonda ndiye pomwe pali bodza lalikulu. Kafukufuku yemwe otsatsa amakonda kutchula anafalitsidwa ndi ofufuza a ku Denmark mu 2001, ndipo anthu ake anali ochepa, osakwana 50. Sanamwe guarana yekha, anasakaniza ndi zomera zina ziwiri, yerba mate ndi damiana. Anthuwo anatsikadi thupi, koma ndani anganene kuti mwa zitatuzo chinagwira ntchito n'chiti? Chomwe kafeini amachita n'kuziziritsa njala kwa maola angapo, kukodzetsa pafupipafupi, ndi kufulumizitsako pang'ono kagwiritsidwe ntchito ka chakudya m'thupi. Sikelo ikatsika sabata yoyamba, ambiri mwa makilogalamuwo ndi madzi. Thupi likazolowera, umafuna wochulukirapo kuti umve chimodzimodzi. Kuwonjezera apo, munthu wosagona mokwanira amamva njala kwambiri tsiku lotsatira. Alamu anga nkhomaliro ankaidumpha monyadira, koma 4 koloko ikakwana mandasi anayi ankatha ali chiimire.

Ku America anayesapo kale njira imeneyi. Makapisozi ochepetsa thupi otchuka a m'zaka za m'ma 1990 ankasakaniza guarana ndi chomera china chotchedwa ephedra. Anthu anadwala mtima, ena kufa ziwalo, ena kumwalira kumene, kuphatikizapo wosewera baseball Steve Bechler mu 2003. Mu 2004 bungwe loona za zakudya ndi mankhwala kumeneko, FDA, linaletsa ephedra m'makapisozi otere. Guarana sanaletsedwe, ndipo mlandu waukulu sunali wake, koma mabotolo onsewo ankadzitcha achilengedwe. Kuno kwathu mwaiwala za 2019? Chakumwa china chopatsa mphamvu chochokera ku Zambia chinaletsedwa atachipeza ndi sildenafil, mankhwala a abambo aja, pomwe pabotolo sanalembepo. Mawu oti "zachilengedwe" asatigoneke tulo. Fodya ndi tsamba. Mwabvi ndi khungwa la mtengo.

Muyeso ulipo kwa ofuna kuwerengera. Bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya, EFSA, linanena mu 2015 kuti munthu wamkulu wathanzi asapyole mamiligalamu 400 a kafeini patsiku, ndipo mayi woyembekezera asapyole 200. Kapu ya khofi imakhala ndi 80 mpaka 100, ya tiyi pafupifupi theka lake. Vuto n'lakuti mabotolo ambiri amangolemba kuchuluka kwa guarana osatchula kafeini yemwe ali m'menemo, ndipo zakumwa zina zimathira kafeini pawokha, guarana pawokha. Uwerengera bwanji chinthu chobisika? Botolo la alamu tinalitembenuza mbali zonse, mpaka kuvala magalasi a agogo, nambala ya kafeini osaipeza. Kwa munthu wa BP, wa vuto la mtima, wa nkhawa, woyembekezera kapena mwana, ine ndinganene mosapsatira kuti botolo lotere alisiye, kapena apite nalo kuchipatala akalione kaye.

Mukafuna guarana chifukwa mumamukonda, imwani mukudziwa kuti mukumwa khofi wamphamvu wa ku Brazil. Kumeneko ngakhale chakumwa chozizira cha Guaraná Antarctica akhala akumwa kuyambira 1921, ndipo palibe amene amachitenga ngati mankhwala ophwetsa mimba. Koma ngati n'kafeini chabe mukufuna, tiyi wa ku Mulanje ndi khofi wa ku Mzuzu ali pagolosale pomwepo, pamtengo woti simuchita kukongola ku banki m'khonde.

Alamu anasiya makapisozi aja. Masiku atatu mutu unkawawa ngati wamenyedwa ndi musi, ndipo tonse pakhomo tinkayenda monyang'ama. Tsiku lachinayi anagona mpaka dzuwa kulowa m'chipinda. Botololo likadali pamwamba pa kabati, lotsala theka. Dzulo wogulitsa uja anatumiza uthenga wofunsa ngati akufuna lachiwiri, akuti pali kuchotsera mtengo kwa makasitomala okhulupirika.