Kachitsamba kamanyazi kaja si chidole, anthuni

Koma mitu ikuyenda bwino? Dzana ndapeza mnyamata wandevu zake, osati mwana ayi, atanjuta pakhonde foni ili m'manja akujambula kachitsamba kaja ka mimosa. Kukagunda ndi chala masamba n'kupindika, iye phwete kuseka, kudikira katambasuke, kugundanso. Ndinangoti zake izo. Chomwe chandipsetsa mtima n'choti atamaliza seweroli anasesa timakoko ta mbewu tomwe tinayoyoka pansi n'kukakhuthula mu ngalande, kumwamba kutada bii mvula ili pafupi. Kumufunsa akuti "agogo musadandaule ndi duwa chabe ili". Duwa?

Inu mumadziwa n'komwe kuti mwanyamula mtundu uti? Kali kakang'ono koyanga pansi kotchedwa Mimosa pudica, ndiye pali chimkulu chake Mimosa pigra chomwe chimatalika mpaka mamita 6, minga thupi lonse, nachonso masamba chimapinda ukachikhudza, timaluwa take tapinki tozungulira ngati timipira. Zikadali zing'onozing'ono mungazisiyanitse inuyo? Koma ndiye kuzula, kuika m'chitini, kugawira anzanu, ena mpaka kugulitsa mbande ati chomera chodabwitsa. Chodabwitsa chiti, madzi kungochoka m'tsinde mwa tsamba tsambalo n'kugwa, basi mwakomoka nazo?

Kwawo kwa zomera zimenezi, za banja la nyemba, ndi ku America kotentha. Ku Australia pigra chinayambira m'munda wosungirako zomera mumzinda wa Darwin, anthu akuchisirira ngati mmene mukuchitira inumu, kufika m'ma 1970 chinasefukira m'zigwa za mtsinje wa Adelaide ndipo chinadzadya mahekitala oposa 80,000. Ku Lochinvar, malo osungirako nyama zakutchire m'madambo a mtsinje wa Kafue ku Zambia, chinayamba ngati kachigamba m'ma 1980, kenako chinaphimba mahekitala masauzande, nyama ndi mbalame kusowa podyera. A IUCN, bungwe loona zosamalira chilengedwe m'maiko ambiri, anachiika pa mndandanda wa zamoyo 100 zolanda malo koopsa padziko lonse, inu muli kalikiliki kuchithirira mmawa ndi madzulo ngati khanda.

Timakoko taketo tili ndi ubweya, timaduka tizidutswa, kalikonse ndi kambewu kake, ndipo timayandama. Mukataya mu ngalande mwadzala kumtsinje, mwamva? Tina timamatirira ku ubweya wa ziweto, tina m'matope a matayala ndi nsapato, ndipo mbewuyo imatha kugona m'nthaka zaka zoposa 20 ili phee kudikira. Chikamera chimalukana chithukuluzi choti ng'ombe singaboole kukamwa madzi, msodzi sangafike pagombe, udzu pansi pake kutheratu. Mwati mudzalowamo ndani, inu amene munga umodzi wa kakang'ono kaja ukakulasani mumakuwa ngati mwalumidwa ndi njoka?

Ndiye pali anzeru ena oti "tidzangotchetcha". Tchetchani muone chikuphukiranso pachitsa. Ena ati tidzatentha, osadziwa kuti moto umatha kudzutsa mbewu zomwe zinali gone m'dothi. Ndipo ana mukuwatuma kukasewera nacho opanda nsapato, akabwera zala zili magazi muyambe kukalipa, anawaonetsa ndani?

Kazuleni kakadali kanthete, ndi mizu yomwe, kasanabereke. Ndipo foniyo muyambe mwaika m'thumba.