Inu ojambula mapulani, ma layer a eni ake si oseweretsa

Anyamata ndi atsikana amene mumajambula mapulani pa pulogalamu ya pakompyuta ya AutoCAD, tabwerani kuno, chifukwa zimene ndaona sabata yathayi zandikwana.

Mnzanga wina womanga nyumba anandiitana kuti ndikamuthandize kuwerenga pulani imene inamuzunguza mutu. Ndinakampeza atayala pepala la A1 pa boneti ya galimoto, makona atatsindira ndi zidutswa za njerwa. Miyezo ya zipinda ziwiri sinkaoneka, hatch, timizere todzaza malo tosonyeza matailosi, inali itakwera pamwamba pa manambala n'kuwakwirira. Mapaipi a kuchimbudzi munalibe n'komwe. Pamenepo amisiri atayamba kale kukumba maziko, kapitawo akungoyeza papepala ndi rula n'kumaganizira. Titaimba foni ku ofesi yomwe inajambula, anatiyankha kuti pa kompyuta zonse zikuoneka bwinobwino. Kodi mmisiri amamangira pa kompyuta yanuyo?

Fayiloyo titaitsegula ndinagwira pakamwa. Mu AutoCAD zojambula zimagawidwa m'magulu otchedwa ma layer, makoma pawokha, mapaipi pawokha. Wina anapanga freeze, kapena kuti kubisa, layer ya mapaipi kuti aike mipando bwino, atamaliza anangoseva n'kumapita kwawo. Miyezo ina anailembera pa Defpoints, layer imene ngakhale wophunzira wa chaka choyamba amadziwa kuti situluka papepala. Makoma, mawindo ndi mawaya a magetsi zonse anaziunjika pa layer 0, chilichonse ndi mtundu wake wochita kupaka pamanja, ByLayer, yomwe imachititsa chinthu kutengera mtundu wa layer yake, anaitaya kutali. Nanga maina? Layer1, Layer2, "new", "new new", ina anaitcha dzina lake lomwe. Injiniya amene adzalandire fayiloyi mawa alosere kuti mizati ili pati?

Chimene chimandipweteka n'chakuti mankhwala ake ali pomwepo, ndipo salipiritsa. Musanakhudze fayilo ya munthu, lembani LAYERSTATE, musunge mmene mwapezera zinthu: yoyatsa, yozimitsa, yokiya, mitundu, makulidwe a mizere. Mukatha ntchito yanu dinani Restore, zonse zibwerere m'malo. Mukhozanso kuitulutsa ngati fayilo ya .las n'kumutumizira mnzanu. Zimenezi zikutengerani mphindi zingati? Zochepa kuposa zimene mumataya posankha nyimbo yoti muzimvera pojambulapo. Mwagwiritsa LAYISO kuti muone khoma lokha? LAYUNISO ilipo, ikukudikirani. Mwasokoneza posachedwapa? LAYERP imabweza zimene mwangosintha pa ma layer. Koma musaidalire ngati sing'anga, chifukwa layer yomwe mwaifufuta siibweza, ndipo yomwe mwaisintha dzina imakhalabe ndi dzina lanu lachilendolo.

Ndipo lekani kundiuza kuti mwasanja ma layer pamndandanda ndiye kuti manambala akhala pamwamba. Mu AutoCAD mndandanda uja sulamula chimene chiphimbe chinzake. Ntchito imeneyo ndi ya DRAWORDER, ndipo layer state siisunga. Hatch ikakwera pamwamba lembani HATCHTOBACK, kenako TEXTTOFRONT kuti malemba ndi miyezo zitulukire. Mawu awiri okha, koma munthu mpaka kupulinta mapepala onse, kuwapinda bwinobwino, kuwapereka kwa kasitomala, osayang'anako Preview ngakhale kamodzi! Maso munabwereketsa?

Palinso ena okonda kuyeretsa. Akangolandira fayilo, PURGE yomweyo, ma layer opanda kanthu amene ofesi inakonzeratu onse apite. Ena olimba mtima amafika pa LAYDEL, osadziwa kuti imachotsa layer pamodzi ndi zonse zojambulidwa pamenepo. Ena akaona block, timizere tomangidwa pamodzi kukhala chinthu chimodzi, manja amawayabwa mpaka aiphulitse ndi EXPLODE, zitseko zonse n'kusanduka timizere tobalalika. Zikavuta ndiye kuthamangira fayilo ya .bak. Simudziwa kuti .bak imangosunga mmene zinalili musanaseve komaliza? Mwaseva kawiri pamwamba pa chisokonezo chanucho, yabwino ija yapita basi. Magetsi athuwa akathima pakati pa ntchito, mudzalira ndi yani ngati mulibe kope lina pa fulashi?

Inu eni maofesi musaseke, nkhaniyi ndi yanunso. Mwana wabwera kudzaphunzira ntchito, mwamupatsa fayilo yeniyeni ya kasitomala, osamupatsa template ya .dwt, fayilo yoyambirapo ntchito yokhala ndi ma layer okonzeratu, osamuuza kuti kuno makoma timawatcha A-WALL, zitseko A-DOOR. Aliyense akutcha ma layer mmene walotera, ndiye mukudabwa chiyani mndandanda ukatalika mpaka kuposa 1000, malire oyambira a MAXSORT imene imalamula kuchuluka kwa maina osanjidwa, maina n'kuleka kutsatana mwa alifabeti? Pulani ya injiniya mukanaimangirira ngati xref, fayilo yolumikizidwa yongoonekera m'pulani yanu, bwenzi mwanayo sanaiwononge, koma inu mumakonda kukopera n'kumata, kukopera n'kumata, mpaka fayilo kulemera kosatseguka.

Mapaipi akasowa papulani, konkire imathiridwa, kenako anthu amabwera ndi nyundo kudzaswa pansi pa nyumba yatsopano. Muyezo ukabisika, khoma limakhota, denga limakana kukhala. Simenti yowonongekayo salipira ndinu, amalipira mayi amene wakhala akusunga ndalama zaka zambiri kuti amange kanyumba kake. Inu muli phee pa mpando wozungulira, mahedifoni kukhutu.

Mukatsegula fayilo ya mnzanu, siyani ma layer mmene munawapezera. Ngati zimenezi zakukulirani, chokanipo pa kompyutapo, mukagwire fosholo.