Atari siinali yoyamba, a mtolankhani

A mtolankhani, apa mwalemba kuti Atari 2600 ya mu 1977 ndiyo inayambitsa magemu a pa TV m'nyumba, mwaphonya. Magnavox Odyssey ya Ralph Baer inali kale m'masitolo ku America mu 1972. Inalibe mawu, zigoli ankawerenga okha osewera, ndipo kuti bwalo lioneke ndi mitundu ankamata mapulasitiki pagalasi la TV. Nolan Bushnell, mmodzi mwa omwe anayambitsa kampani ya Atari, anaiona ikuonetsedwa chaka chomwecho, posakhalitsa Atari n'kutulutsa gemu ya tenesi yotchedwa Pong. A kampani ya Magnavox anakasuma kuti awabera nzeru, ndipo mu 1976 Atari anavomera kulipira.

Koma chimene chandiwawa n'choti Jerry Lawson simunamutchule olo kamodzi. Injiniya wachikuda ameneyu ndiye anatsogolera gulu lomwe linapanga Fairchild Channel F mu 1976, makina oyamba omwe gemu yeniyeni inkakhala m'katiriji yoti uchotsa n'kuika ina. Atari 2600 inadzera m'njira yolambula kale.

Ife a ku Ndirande Atari sitinaionepo n'komwe. Tinakulira pa kamakina kotengera Famicom ya Nintendo, komwe amalume anabwera nako kuchokera ku Joni. Pakatiriji analemba kuti muli magemu 999, koma ukayamba kutsika unkangokumana ndi omwewo atasinthidwa mayina. Ikakana kuyaka, tinkaiuzira ndi pakamwa ngati tikukoleza moto.

Anzanga owerenga, tanenani zoona: ndani sanagundike mfuti ya gemu pagalasi la TV powombera abakha a mu Duck Hunt, galu wa mu gemu uja atakuseka kawiri kuti waphonya?