Namwino sangobaya jekeseni

Zimandiwawa ndikamva anthu akunena kuti ntchito ya namwino ndi kungopereka mankhwala amene adokotala alemba. Ndagwira ntchito m'wodi zaka zambiri, lero ndinenepo zakukhosi.

Adokotala amamuona wodwala kwa mphindi zochepa, n'kupita kwa wina. Wotsala naye usiku wonse ndi namwino, ndipo matenda akamakula amayamba ndi tizizindikiro ting'onoting'ono timene amationa ndi amene ali pafupi ndi bedi.

Taganizirani mayi amene wangochira kumene. Magazi akutuluka pang'onopang'ono, BP ikadali bwinobwino. Wosadziwa amalemba nambalayo n'kuchokapo. Komatu thupi la mayi wamphamvu zake limabisa: mitsempha imafinyika, mtima umathamanga kuti BP isatsike, ndiye pamene ikutsika amakhala atataya kale magazi ambiri. Choncho mtima umene unkagunda ka 80 pa mphindi ukafika pa 110, manja azizira, mayi akupempha madzi pafupipafupi, namwino wodziwa sadikiranso BP. Amagwira pamimba kuona ngati chiberekero chalimba, amachisisita, amayang'ana pamene mayiyo wagona, amaitana anzake. Tinaphunzira kuti magazi akafika mamililita 500 zavuta, koma amene alowerera m'nsalu amapusitsa maso, amaoneka ochepa.

Nafenso anamwino pali pamene timalakwitsa, ndipo ndi pa kapumidwe. Munthu wamkulu amapuma ka 12 mpaka 20 pa mphindi. Ndaonapo matchati olembedwa 20, 20, 20 tsiku lonse, ndipo mtima wanga umasweka, chifukwa ndimadziwa kuti palibe anawerenga. Ntchito imachuluka, inde, odwala ambiri manja ochepa. Koma nthawi zambiri kapumidwe ndi kamene kamayamba kusintha chibayo chikamakula kapena tizilombo tikalowa m'magazi. Kamakina ka pa chala koyeza mpweya m'magazi kakhoza kuonetsa nambala yabwino ngati 96, pamene wodwalayo akupuma ka 28 kuti nambalayo isatsike. Akatopa, zonse zimagwa nthawi imodzi. Kwa ana malire ndi ena: wa miyezi 2 mpaka 11 akafika pa 50, kapena wa chaka chimodzi mpaka zisanu akafika pa 40, ndiye kuti akupuma mofulumira.

Agogo amene m'mawa mumacheza nawo bwinobwino, madzulo ayamba kubwebweta, musafulumire kunena kuti ndi ukalamba. Yezani shuga, yezani kutentha kwa thupi, funsani kuti akodza liti. Ndipo mayi akakuuzani kuti "mwanayu sakhala chonchi", mumvereni. Amamudziwa kuposa ife tonse.

Kuona pakokha sikukwanira, pamafunika kulankhula momveka. Ukaimbira adokotala usiku n'kungoti "wodwala uja sakuoneka bwino", zimavuta kuti adziwe kukula kwa vutolo. Nena kuti maola awiri apitawa amapuma ka 18 pano 28, mtima wakwera, mkodzo wachepa, ndikupempha mubwere tsopano.

Ophunzira akabwera m'wodi mwathu, ndimayamba nawo pomwepa. Ndimawauza agwire dzanja la wodwala ngati akumvera kugunda kwa mtima, koma maso akhale pachifuwa, chifukwa munthu akadziwa kuti ukumuwerenga amasintha kapumidwe. Awerenge mphindi yathunthu, kenako andiuze chimene nambalayo ikutanthauza kwa wodwala ameneyo.