Tiuzeni kuti m'damu mwatsala madzi ochuluka bwanji

Mu 2018 ndinali ku Cape Town, mzindawo utatsala pang'ono kutseka mipopi. Sabata iliyonse akuluakulu a mzinda ankalengeza kuti madamu awo akuluakulu asanu ndi limodzi ali pati, ndipo nambalayo tinkaikamba paliponse, kuntchito, m'minibasi, ngakhale potuluka m'tchalitchi. Aliyense ankadziwa kuti ikangofika pa 13.5 peresenti mipopi itsekedwa, tizikafola pamzere kutunga malita 25 patsiku. Tsikulo analitcha Day Zero.

Kuyambira pa 1 February munthu ankaloledwa malita 50 okha patsiku. Ndi zigubu ziwiri ndi theka zija za malita 20, momwemo umwe, uphike, usambe, uchape. Madzi osambira tinkasungira kuchimbudzi. Tinamvera, osati poti ndife anthu abwino, koma tinkaona nambala ikutsika komanso zithunzi za damu la Theewaterskloof litasanduka mchenga ndi zitsa. Mzinda unachepetsa madzi ogwiritsa ntchito ndi pafupifupi theka, mvula ya m'nyengo yozizira inabwera, Day Zero sinafike.

Chaka chomwecho kwathu kuno damu la Mpira ku Ntcheu linaphwa, anthu mpaka ku Balaka n'kusauka madzi. Damutu silimaphwa usiku umodzi, abale anga. Limatsika pang'onopang'ono miyezi yambiri, anthu akuthirira kapinga ndi kutsuka magalimoto osadziwa kanthu.

Inu a ku Lilongwe, madzi anu amachokera m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, pa mtsinje wa Lilongwe wochokera ku Dzalanyama. Mwezi wa October ukafika, ndani mwa inu anganene kuti madamuwo ali pati? A ku Zomba, nanga Mulunguzi? Ambirife timadziwira pampopi, ukayamba kukhosomola mpweya m'bandakucha.

Komanso kuyeza pamwamba pokha n'konyenga. Mitengo ikatha kumtunda chifukwa cha makala, dothi limakokolokera m'damu n'kudzaza pansi. Ukaona ngati ladzaza, chonsecho gawo lina ndi matope okhaokha. Ku Cape Town ankatiuziratu kuti 10 peresenti yomaliza n'njovuta kuipopa, tisaiwerengere.

Ine pempho langa kwa mabungwe otigulitsa madzi n'laling'ono. Sabata iliyonse, pa wailesi, m'Chichewa, akangotha kunena zanyengo, atiuze kuti damu lakuti lili pakuti, chaka chatha nthawi ngati ino linali pakuti, ndipo mvula ikachedwa madziwo atifikitsa mwezi wakuti. Pajatu bilu yokha siiphonya kutipeza.